Kusankha kamera ndi lenzi yojambulira mbalame pa ulendo wakunja

Mbalame siidikira munthu. Imatera pa nthambi, kutembenuza mutu kawiri, basi yauluka. Kwathu kuno mukaphonya nkhwazi lero, mawa mukaipezanso pa mtengo womwewo m'mbali mwa nyanja. Koma mukakhala kuti mwalipira tikiti ya ndege, viza ndi malo ogona kuti mukaone mbalame za dziko lina, mwayi wachiwiri subwera kawirikawiri.

Ambiri amayamba n'kufunsa kuti, "Kamera yabwino kuposa zonse ndi iti?" Funso limeneli limangomwaza ndalama. Kamera yoyenera ulendo ndi imene ikugwirizana ndi malo amene mukupita, imene mungainyamule kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, komanso imene zala zanu zaizolowera musanakwere ndege. Ndiye kusitolo tifikako mochedwa, dala.

Choyamba: dziwani malowo musanafunse mtengo wa chilichonse

Lowani pa eBird, tsamba laulere la Cornell Lab of Ornithology, mufufuze dera limene mukupita ndi mwezi umene mudzafikeko. Mudzaona mbalame zimene anthu amazipeza kumeneko nthawi imeneyo. Ikaninso m'foni Merlin Bird ID, pulogalamu yozindikirira mbalame, ndipo mutengeretu mndandanda wa mbalame za dzikolo mukadali pamalo a netiweki yabwino.

Kenako dzifunseni: mbalamezo zidzakhala patali bwanji? Kuwala kudzakhala kochuluka bwanji? Nanga inuyo mudzakhala pansi, m'galimoto kapena m'bwato?

Mayankho ake amasiyana kwambiri. Ku Mabamba, dambo la m'mbali mwa nyanja ya Victoria pafupi ndi Entebbe ku Uganda, anthu amapita kukaona shoebill, chimbalame chotalika kuposa mita, cha chimlomo chachikulu. Mumalowa m'dambomo pa kabwato kamatabwa, ndipo mbalameyo imatha kuima duu kwa nthawi yaitali. Tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, pamenepo ilibe ntchito chifukwa bwato silikhazikika; mufunika lenzi yogwirika m'manja, yokhala ndi chipangizo chochepetsa kugwedera. Pa chilumba cha Skomer ku Wales, kuyambira Epulo mpaka Julayi, ma puffin amadutsa pa kanjira pafupi ndi mapazi anu, moti munthu wa lenzi yaitali yosasinthika amasowa kobwerera. Ku Kruger ku South Africa mumakhala m'galimoto, dzuwa lili phwee, choncho kulemera kwa zida si nkhani. Ku South Luangwa ku Zambia, mu Seputembala ndi Okutobala, ma carmine bee-eater amakumba zisa m'magombe a mtsinje ndipo amauluka mwaliwiro. Kumeneko chofunika ndi kamera yodziwa kutsatira chinthu chouluka. Nkhalango ndiye zimavuta kuposa malo ena onse. Ku Bwindi ku Uganda, ku Nyungwe ku Rwanda kapena ku Monteverde ku Costa Rica, ngakhale masana mumakhala kamdima, timbalame n'tating'ono, tili m'mwamba m'masamba, ndipo mvula siichedwa.

Lembani pa pepala mtundu wa malo amene mudzathereko masiku ambiri. Zida musankhire malo amenewo, osati tsiku limodzi lapadera.

Chachiwiri: pimani chikwama, pimaninso mikono yanu

Makampani ambiri a ndege amalola chikwama cholowa nacho m'ndege cha makilogalamu 7 kapena 8 basi. Onani pa tikiti yanu. Kamera ndi lenzi sizipita m'katundu wapansi, chifukwa kumeneko zikwama zimaponyedwa ndipo nthawi zina zimatsalira m'njira. Ndege zing'onozing'ono zopita kumapaki kum'mawa kwa Africa nthawi zambiri zimalola makilogalamu 15 katundu yense pamodzi, m'zikwama zofewa.

Mukachotsera kulemera kwa chikwama chenichenicho, laputopu, mabainokula, machaja ndi mabatire, kamera ndi lenzi zimatsalira ndi makilogalamu atatu kapena kuchepera.

Mikono nayo ili ndi malire ake. Dzazani botolo la malita 2, lomwe ndi makilogalamu 2, muligwire chogona patsogolo pa nkhope, dzanja lamanzere kumapeto kwake, n'kuloza pamwamba pa mtengo kwa mphindi imodzi. Kenako mulikolekere paphewa muyende nalo ola lathunthu. Ngati mikono yayamba kunjenjemera mphindiyo isanakwane, lenzi ya makilogalamu 2 si yanu pa ulendo woyenda pansi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Lenzi yolemera imathera m'chikwama nthawi imene mbalame ikutera.

Chachitatu: sankhani lenzi, kamera ibwere pambuyo

Apa m'pamene pagona nkhani. Kamera imakalamba pakangopita zaka zochepa, koma lenzi yabwino mumakhala nayo mpaka kalekale. Ine ndimati ndalama zikachepa, zambiri zipite ku lenzi.

Manambala a mm amanena mmene lenzi imakokera chinthu pafupi. Pa mbalame, 300mm imachepa, ndipo 400mm ndiye poyambira. Koma nambala imeneyi muiwerenge pamodzi ndi kukula kwa sensa ya kamera, kachipangizo kamene kamalandira kuwala m'kati. Pa kamera ya full frame, ya sensa yaikulu, 400mm ndi 400mm. Pa kamera ya APS-C sensa ndi yocheperako, choncho mbalame imadzaza chithunzi kwambiri: muchulukitse ndi 1.5 pa Sony, Nikon ndi Fujifilm, kapena ndi 1.6 pa Canon. Pa Micro Four Thirds, yomwe ndi ya OM System ndi Panasonic, muchulukitse ndi 2. Ndiye kuti 400mm yomweyo imaonetsa ngati 640mm pa Canon EOS R7, ndi ngati 800mm pa OM-1. Ichi n'chifukwa chake wapaulendo amapindula ndi sensa yaing'ono: amafika patali ndi lenzi yopepuka. Mukawerengera motere, funani kufika pakati pa 600mm ndi 800mm.

Kupitirira pamenepo phindu limayamba kuchepa. Mbalame ikakhala kutali kwambiri dzuwa litakwera, mpweya wotentha umene umanjenjemera pamwamba pa nthaka kapena madzi umawononga chithunzi, kaya lenziyo ndi ya mtengo wanji. Mankhwala ake ndi kudzuka m'mamawa ndi kuyandikira modekha.

Nambala yachiwiri ndi ya f, imene imanena kukula kwa bowo lolowera kuwala. Nambala ikachepa, bowo limakula. Lenzi ya f/4 imalowetsa kuwala kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi ya f/8. Kuwala kukachepa mumakweza ISO, nambala yonena mmene kamera ikukulitsira kuwala kumene yalandira, koma ikakwera chithunzi chimachita mchenga. Tanthauzo lake m'nkhalango ndi ili: pamene mnzanu wa f/4 akujambula pa ISO 1600, inu a f/8 muli pa ISO 6400, ndipo nthenga za mbalame yanu zayamba kuoneka mchengamchenga. Kudambo, kunyanja ndi kutchire loyera f/8 sivuta. Ngati ulendo wanu ndi wa m'nkhalango, yesetsani kupeza f/4, f/5.6 kapena f/6.3. Mapulogalamu oyeretsa zithunzi monga DxO PureRAW ndi Lightroom athandiza kwambiri masiku ano, moti ISO 6400 siopsanso monga kale, komabe sangabwezere nthenga zimene kamera sinazione.

Nanga zoom, imene mumaisintha ma mm ake, kapena lenzi yosasinthika? Pa ulendo ine ndimakonda zoom. Simudziwa chimene mukakumane nacho pa kona: kambalame pa udzu, gulu la atsekwe likuuluka, kapena njovu yatseka msewu. Palinso china. Kuyang'ana mu 600mm kuli ngati kusuzumira m'bango, mumaona kachigawo kakang'ono, ndipo woyamba kumene amavutika kuipeza mbalame imene akuiona bwinobwino ndi maso. Ndi zoom mumayambira pa 200mm, kuipeza, kenako n'kuikoka. Lenzi yosasinthika imapambana pa kuwala ndi kuyera kwa chithunzi, koma ndi ya munthu amene akudziwa kale chimene akupitira.

Teleconverter ya 1.4x, kagalasi koika pakati pa kamera ndi lenzi, imatalikitsa lenzi koma imadya theka la kuwala. Pa lenzi ya f/4 ndi yothandiza. Pa ya f/8 isiyeni.

Chachinayi: tsopano kamera

Musatengeke ndi mamegapikiselo. Pakati pa 20 ndi 33 pa sensa yaing'ono n'zokwanira. Chimene chasintha ntchito yojambula mbalame ndi autofocus, luso la kamera lodzilunjikitsa yokha kuti chithunzi chiyere, yozindikira mbalame yokha n'kugwira diso lake. Makamera ambiri a mirrorless, opanda kalilole m'kati, a zaka zaposachedwa ali nayo, ndipo kwa wapaulendo amene alibe nthawi yobwereza, ichi ndicho choyamba kufunsa. Kenako funsani liwiro: zithunzi 10 kapena kuposerapo pa sekondi. Funsaninso ngati kamerayo imasunga zithunzi za kamphindi musanadine batani mpaka pansi. OM System imati Pro Capture, Nikon imati Pre-Release Capture, ndipo Canon R7 ili nacho mu RAW burst. Ndi chimenechi mumagwira mbalame ikungotambasula mapiko pochoka pa nthambi, chinthu chimene chala cha munthu chimachedwa nacho nthawi zonse. Chomaliza, ione ngati ndi yotetezedwa ku mvula ndi fumbi.

Kwa woyenda pansi amene akufuna zopepuka ndi mtengo wofikirika, Canon EOS R7 ya 2022 ndi lenzi ya RF 100-400mm zimalemera pafupifupi makilogalamu 1.25 pamodzi. Kufooka kwake n'kwakuti pa 400mm lenziyo ili pa f/8 ndipo si yotetezedwa ku mvula. Pa R7 gwiritsani mechanical shutter, kachitseko kenikeni kotsegulira kuwala, mbalame ikamauluka, chifukwa electronic shutter yake imatha kupinda mapiko pa chithunzi. Sony a6700 ndi lenzi ya E 70-350mm zimapepuka kuposa pamenepo, koma zimathera pa 525mm, zomwe zimachepa pa timbalame tating'ono.

Kwa wopita kunkhalango ya mvula, OM System OM-1 ndi M.Zuiko 300mm f/4 zimapereka 600mm ndi kuwala kwabwino, zonse pafupifupi makilogalamu 2, ndipo sizimaopa mvula yowaza. Wofuna zoom angatenge M.Zuiko 100-400mm. Ngati munthu atandifunsa zida za ulendo wosadziwika bwino mmene ukakhalire, ndingamulozere kuno.

Kwa wokhala m'galimoto masiku ambiri, malenzi akuluakulu atatu awa ndi abwino kwambiri: Sony FE 200-600mm, Nikon Z 180-600mm ndi Canon RF 200-800mm. Iliyonse imalemera pafupifupi makilogalamu 2 payokha, ndiye kumbukirani botolo lija.

Palinso makamera omatirira lenzi, osafuna kusintha chilichonse. Nikon Coolpix P950 imafika 2000mm ndipo P1000 imafika 3000mm. Ndi abwino kwa munthu amene cholinga chake n'kukhala ndi umboni wa mbalame imene waiona itatera padzuwa, koma sensa yake ndi yaing'ono kwambiri, moti mumdima ndi pa mbalame youluka imakhumudwitsa. Sony RX10 IV ya 2017 imathera pa 600mm koma imatsatira bwino zouluka.

Musanyozenso ma DSLR, makamera akale okhala ndi kalilole m'kati. Nikon D500 ya 2016 ndi lenzi ya 200-500mm f/5.6 zikujambulabe zithunzi zokongola, ndipo zimapezeka motchipa kwa amene akusamukira ku mirrorless. Sizizindikira diso la mbalame zokha ndipo zimalemera kuposa makilogalamu 3 pamodzi. Ngati muli kale ndi kamera ya kampani ina, khalani komweko mungogula lenzi.

Chachisanu: kugula kapena kubwereka

Ambiri a ife zida zotere timazigula ku Johannesburg, kapena kutuma abale a ku Britain. Ku South Africa mlendo angathe kubwezeredwa msonkho wa VAT pa bwalo la ndege akamatuluka, bola akhale ndi risiti yoyenera ndi katunduyo m'manja. Ku England, Scotland ndi Wales mwayi umenewu kwa alendo unatha mu 2021. Funsaninso ngati waranti ikagwira ntchito kudziko limene mumakhala, chifukwa nthawi zambiri imathera dera limene mwagulako.

Pogula zogwirapo kale ntchito, makampani monga MPB ndi KEH amaziyesa n'kupereka waranti. Mukamagula kwa munthu, tengani tochi muunike m'kati mwa lenzi kuchokera kumbuyo. Kafumbi pang'ono si vuto. Koma mukaona timizere toyera tonga ulusi tafalikira pa galasi, ndi nkhungu imeneyo, isiyeni. Zungulizani zoom mumve ngati ikukakamira, jambulani chikwangwani chakutali muone ngati malemba ali oyera mbali zonse, ndipo pa kamera funsani chiwerengero cha zithunzi zimene yajambula.

Ngati ulendo ndi umodzi wokha, kubwereka lenzi kumizinda monga Johannesburg, Cape Town kapena London kungakhale kwanzeru. Bwerekani yolowa pa kamera imene mukuidziwa kale. Chimene sindingalangize n'kugula kamera yatsopano pa bwalo la ndege n'kukaitsegulira kutchire.

Chachisanu ndi chimodzi: zolowerani zidazo muli kwanu

Gulani kukadali miyezi iwiri. Gawo ili ambiri amalidumpha, pamene ndilo limasiyanitsa obwerako ndi zithunzi ndi obwerako ndi nthambi zokhazokha.

Ikani kamera pa M, poti mumadzikonzera nokha, ISO ikhale pa Auto, bowo la lenzi likhale lotseguka mpaka pomaliza. Mukatero mukutsala ndi chinthu chimodzi chosintha, liwiro la shutter. Mbalame yotera: 1/500 mpaka 1/1000 ya sekondi. Youluka yaikulu monga nkhwazi kapena nantchengwa: 1/2000. Yaing'ono yothamanga: 1/3200 kapena 1/4000. Autofocus ikhale yotsatira mosalekeza, imene Canon imati Servo ndipo ena amati AF-C. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene sensa yaona. Pa kagudumu ka pamwamba pa kamera, sungani makonzedwe a yotera pa C1 ndi a youluka pa C2, kuti muzingotembenuza kamodzi diso lili pa kamera.

Kamera imanyengeka ndi zoyera ndi zakuda. Kakowa padzuwa amatuluka woyera mbee wopanda nthenga, ndiye chepetsani kuwala pang'ono, cha pa -1. Mbalame ikakhala kumwamba, thambo lili kumbuyo kwake, imatuluka yakuda bii, ndiye onjezani cha pa +1. Phunzirani kuchita izi osachotsa diso pa kamera.

Yambani ndi apumbwa ndi njiwa za pakhomo. Kenako akhwangwala akuuluka, omwenso amaphunzitsa kujambula nthenga zakuda ndi zoyera pamodzi. Mukafika pogwira namzeze ali m'malere, mwakonzeka. Yang'anani mbalame ndi maso onse awiri, musasunthe mutu, mukweze kamera ifike pa diso. Zigongono zitsamire pa nthiti. Yeserani malo ofanana ndi kumene mukupita: nkhalango ya pa phiri la Zomba ikuphunzitsani za mdima, ndipo bwato la pa Shire ku Liwonde likuphunzitsani kujambula pamalo ogwedera. Amene muli ku Johannesburg muli ndi Walter Sisulu Botanical Garden ndi ziwombankhanga zake za pathanthwe, ndipo a ku London muli ndi London Wetland Centre.

Muphunzirenso kukhala chete. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukakhala pansi pafupi ndi madzi kapena mtengo wa zipatso kwa theka la ola osatekeseka, mbalame zimabwera zokha pafupi kuposa pamene mukanafika pozithamangitsa. Tsikani mufanane ndi diso la mbalame, dzuwa likhale kumsana kwanu.

Chachisanu ndi chiwiri: kulongedza ndi kusamala m'njira

Mabatire akhale atatu. Apadera amalowa nanu m'ndege, saloledwa m'katundu wapansi. Matani tepi pa timano take kapena muike lililonse m'kathumba kake. Malire a masiku onse ndi 100Wh pa batire, ndipo la kamera lili kutali kwambiri ndi pamenepo. Pulagi ya ku Malawi ya mano atatu imalowa ku Britain, Kenya ndi Uganda, koma ku South Africa, kumayiko ambiri a ku Ulaya ndi ku America mufunika adaputala.

Tripod isiyeni pokhapokha ngati mukakhala m'kanyumba kobisalamo tsiku lonse. Monopod, ya mwendo umodzi, imakwanira pa lenzi yolemera. Za m'galimoto, sokani kathumba kansalu yolimba ka zipi, mupite nako kopanda kanthu, mukagule nyemba kapena mpunga kumsika wa komweko n'kudzaza. Mukakaika pa windo, lenzi imakhazikika bwino kwambiri. Pemphani dalaivala azimitse injini musanajambule.

Lembani manambala a siriyo a zida zonse, musunge marisiti m'foni, ndipo mufunse a kasitomu potuluka ngati mungazilembetse, kuti pobwerera zisaoneke ngati zatsopano zofunika msonkho. Pamsewu, chikwama chosaonetsa kuti muli kamera n'chabwino.

Kumayiko a chinyezi, mukatuluka m'chipinda chozizira ndi makina n'kulowa mu mpweya wofunda, galasi limachita nthunzi ndipo mumataya nthawi yabwino ya m'mawa. Ikani kamera m'thumba lapulasitiki lotseka, muitulutse panja kukadali theka la ola, ifunde ili m'thumbamo. Usiku muike timapaketi ta silika m'chikwama. Kumalo a fumbi musasinthe lenzi galimoto ili m'njira, ndipo fumbi muyambe mwalipemerera ndi kapampu musanapukute galasi.

Lenzi yaitali imakopa maso a achitetezo. Musailoze ku bwalo la ndege, kumalire a dziko, kapena kumalo a asilikali, ngakhale patatera mbalame yosowa bwanji. Ku Uganda ndi ku Zimbabwe zovala zamawangamawanga za asilikali n'zoletsedwa kwa anthu wamba, choncho valani zobiriwira kapena zotuwa wamba, ndipo chophimbira lenzi chikhalenso chotero.

Mbalamezo muzilemekeze. Ikasiya kudya n'kumangokuyang'anani, mwayandikira kwambiri, bwererani. Pa chisa musachedwepo ndipo musathyole nthambi kuti muone bwino, chifukwa masamba amenewo ndiwo amabisa ana kwa adani. Kuiitana ndi mawu a m'foni kumaichotsa pa mazira ndi pa chakudya, ndipo m'mapaki ena n'koletsedwa. Patulani ndalama yolipira munthu wa komweko wodziwa mbalame kuti akulondolereni. Iye amazimva kulira musanazione, ndipo amadziwa mtengo umene ukubala mwezi umenewo.

Madzulo alionse tchajani mabatire onse ndi kukopera zithunzi ku laputopu kapena ku SSD yaing'ono, kachipangizo kosungira mafayilo. Ndi bwino kukhala ndi makhadi angapo a 64GB kapena 128GB kusiyana ndi limodzi lalikulu, kuti lina likafa musataye ulendo wonse. Khadi lodzaza musalifufute mpaka mutafika kunyumba, ndipo pobwerera makhadi akhale m'thumba la malaya, SSD m'chikwama.